Tsabola wakale sawawa? Alamu, pa The Thing mwalakwa

Ndagona ndi mkwiyo dzulo ndipo mpaka pano sunathe.

Alamu anga anabwera kunyumba ndi fulashi, akuti tionere The Thing, mafilimu oopsa a chilombo chomwe chimatengera thupi la munthu kapena nyama, zonse ziwiri motsatizana, tiyambe ya 2011 kenako ya 1982, poti ya 2011 ndi yomwe imafotokoza zomwe zinachitika nkhani ya 1982 isanayambe. Ndinavomera. Tinaionera ya 2011 mpaka kumapeto, pamene chilombocho, chitasanduka galu, chikudumpha pawindo n'kuyamba kuthamanga pa chipale, helikopita ya anthu a ku Norway ikunyamuka kuchithamangitsa. Pomwepo m'masipika munayamba kumveka kugunda kuja, dum-dum, dum-dum, nyimbo ya Ennio Morricone ya mu filimu ya 1982. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Alamu anatola rimoti n'kudumphitsa. Nditawafunsa kuti bwanji alamu, anandiyankha kuti, "Aa alamu, izi ndi zakale, tsabola wakale sawawa. Nyimbo zenizeni ndi zamphamvu zija zinali mkatimu. Amene anasankha wopeka nyimbo wa filimu yatsopanoyi anaidziwa ntchito."

Anaidziwa ntchito? Ndikukana. Ndinakana usiku womwewo ndipo ndikukananso lero. Filimu ija inkafuna munthu wodziwa kukhala chete, iwo anakaitana phokoso. Mphindi zochepa zomwe alamu anadumphitsa ndi zokhazo zomwe filimu ya 2011 inamveka ngati mbale wake wa ya 1982, ndipo nyimbo yake inali yobwereka.

Mundimvetse bwino. John Carpenter, amene anatsogolera The Thing ya 1982, ndi munthu amene amapeka yekha nyimbo za mafilimu ake. Nyimbo ya Halloween ya 1978 anaipeka ndi manja ake. Koma pa The Thing anakwera ndege kupita ku Rome kukaonana ndi Morricone, mkulu amene dziko lonse limamudziwa ndi nyimbo za mafilimu a anyamata okwera mahatchi, munthu wotha kuimbitsa gulu lalikulu la mavayolini ndi malipenga mmene angafunire. Ndiye taonani chomwe chinatsala mu filimumo. Besi kugunda kawiri, n'kupuma, n'kugundanso kawiri. Basi. Munthu amene akanatha kudzadza sipika ndi zida zonse anabweza dzanja lake, chifukwa nkhaniyo ndi ya amuna 12 otsekeredwa ku Antarctica, kunja kuli mphepo ndi chisanu chopha, mkati mmodzi wa iwo salinso munthu ndipo palibe akudziwa kuti ndani. Mantha ake amabwera ukakhala pampando umodzi ndi mnzako amene mwadya naye limodzi miyezi yambiri, n'kumamuyang'ana m'maso osadziwa ngati akadali iye. Nyimbo ya Morricone siikuuza kuti chilombo ndi uyu. Imangogunda ngati mtima wako womwe, n'kukusiya wekha ndi maganizo ako.

Kumbukirani pamene MacReady, amene anasewera ndi Kurt Russell, wamanga anzake pa mpando n'kutenga magazi a aliyense m'timbale kuti adziwe amene ali chilombo. Akutenthetsa kawaya, akukaviika m'magazi a mmodzi, kakumveka kuti tsss, palibe chachitika. Akutenthetsanso, akutenga kambale kena. Chomwe ukumva ndi mphepo ya kunja, kulira kwa moto wa chida chake ndi kupuma kwa anthu omangidwa aja. Ine filimu imeneyi ndaionera kambirimbiri, ndikudziwa kambale komwe magazi adumphe, koma nthawi zonse ndimadzidzimuka. Palibe chida choimbira chomwe chimandichenjeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wopeka nyimbo wa filimu yoopsa amene sadziwa zimenezi alibe choti achite pamenepo.

Tsopano bwerani ku 2011. Wotsogolera anali Matthijs van Heijningen Jr., wa ku Netherlands, ndipo nyimbo anapatsa Marco Beltrami. Nkhani yake ndi ya msasa wa anthu a ku Norway uja, womwe mu filimu ya 1982 timangouona utapsa kale, nkhwangwa itakanirira pachitseko. Anasamala kwambiri kuti chilichonse chigwirizane ndi filimu yakale. Nkhwangwa ija mumaiona mmene inafikira pachitseko paja. Chibuma cha madzi oundana chomwe anakumba chija chilipo. Chilombo cha nkhope ziwiri chomwe anachipeza chitapsa panja chija, mumaona mmene chinapangikira. Maso anawasamalira mpaka pa kanthu kakang'ono, koma makutu anawaiwala. Chilombo chikangoti chituluke, ng'oma, malipenga ndi mavayolini zonse zimalowa pamodzi, kukuuziratu kuti tsopano chita mantha. Ine sindifuna kuuzidwa nthawi yochita mantha! Munthu akakuuziratu kuti akubisalira kuseri kwa chitseko, wakuopseza chiyani?

Pali malo amodzi omwe amandiwawa kwambiri. Kate Lloyd, mayi wasayansi amene anasewera ndi Mary Elizabeth Winstead, wazindikira kuti chilombocho sichingatengere chitsulo, ndiye akuuza aliyense kuti ayasamule, akuunika m'kamwa ndi tochi kuti aone amene ali ndi zomata m'mano. Nzeru yabwino kwabasi, yofanana mphamvu ndi magazi aja. Pamenepo ndi pomwe filimuyo ikanatigwira pakhosi. Koma pofika apo makutu athu atopa kale ndi kumenyedwa, azolowera kuti choopsa chimabwera ndi phokoso, ndiye chete wake sakugwiranso ntchito. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Ndikuvomera kuti kugunda kwa Morricone kuja amakukhudza mwa apo ndi apo, makamaka koyambirira, ngati munthu wopereka moni podutsa. Koma kupereka moni kwa agogo si kukhala nawo pansi n'kumva zomwe akunena.

Ndipo musaganize kuti ndikunyoza Beltrami. Munthu uja ndi katswiri. Anaphunzira pansi pa Jerry Goldsmith, yemwe uja anapeka nyimbo ya Alien ya 1979. Ndi iye anapeka nyimbo za Scream mu 1996. Dzina lake linalowa kawiri pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya mafilimu ya Oscar, pa 3:10 to Yuma ndi pa The Hurt Locker. Mu 2018 anagwira A Quiet Place, filimu yomwe anthu akangopanga phokoso amafa, ndipo anaonetsa dziko lonse kuti amadziwa kuyenda monyang'ama. Izi ndi zomwe zimandikwiyitsa kuposa zonse. Luso linalipo m'manja mwawo! Amene amasankha wopeka nyimbo samangosankha dzina, amasankhanso chomwe akamuuze kuti achite, ndipo pa The Thing ya 2011 chomwe chinatuluka ndi nyimbo yomwe mukhoza kuichotsa n'kuiika mu filimu ina iliyonse ya chilombo chothamangitsa anthu m'makonde, palibe angazindikire. Chifukwa chake n'chodziwikiratu, eni ndalama amaopa kuti achinyamata atopa akapanda kudzidzimutsidwa pafupipafupi.

Filimu yofotokoza chiyambi cha inzake ili ndi ngongole. Siyimayamba pa bwalo lopanda kanthu. Anthu amabwera kudzaionera atanyamula kale filimu yakale m'mutu mwawo, ndipo chomwe chimakhala m'mutu nthawi yaitali kuposa zithunzi ndi kamvekedwe kake. Funsani aliyense amene anaonera The Thing ya 1982 kuti akukumbukira chiyani, ambiri asanatchule galu kapena moto adzayamba ndi dum-dum. Ndiye ukamapanga filimu yomwe mapeto ake ndi chiyambi cha imeneyo, nyimbo yako iyenera kumayenda kulowera kumeneko kuyambira pa mphindi yoyamba, pang'onopang'ono, ngati mtsinje wopita kunyanja, kuti kugunda kuja kukafika kumapeto munthu amve kuti wafika kwawo. Mu 2011 anayenda njira ina kwa ola ndi theka, kenako pamapeto n'kudumphira pa nyimbo ya Morricone mwadzidzidzi. N'chifukwa chake alamu anga anaimva ngati yachilendo. Filimuyo inali isanawakonzekeretse makutu. Inawaphunzitsa kuti mantha ndi phokoso, ndiye mantha enieni atafika iwo anatola rimoti.

Ndipo n'zotheka kuchita bwino, si loto langa ayi. Pa Alien: Covenant ya 2017, yomwenso nkhani yake imachitika ya 1979 isanafike, Jed Kurzel wa ku Australia anabweretsa nyimbo ya Goldsmith poyera, mkati mwa filimu, osachita manyazi. Munganene zomwe mukufuna za filimuyo, koma khutu limadziwa kuti lili m'banja lomwelo.

Tibwerere ku tsabola wa alamu uja. Wakale sawawa eti? The Thing itatuluka pa 25 June 1982, masabata awiri E.T. itatuluka, anthu anaikana, ndalama sinapange zambiri, ndipo nyimbo ya Morricone inaikidwa pa mndandanda wa Razzie, mphoto yonyoza ntchito zoipitsitsa za chaka. Anthu a nthawi imeneyo analankhula zomwe alamu alankhula dzulo. Patapita zaka zoposa 30, Quentin Tarantino anapanga The Hateful Eight ya 2015, nkhaninso ya anthu otsekeredwa ndi chipale osakhulupirirana, Kurt Russell yemweyo ali momwemo. Wopeka nyimbo anali Morricone, ndipo zina mwa nyimbo zomwe anapeka za The Thing zinalowa mu filimuyo. Mu 2016 mkuluyo analandira Oscar ali ndi zaka 87. Tsabola amene anakhala m'nkhokwe zaka zonsezo anawawa mpaka ku Hollywood. Mu 2011 Morricone anali moyo ndipo anali akugwirabe ntchito, anamwalira mu July 2020. Sindikunena kuti akanayenera kutenga iye basi. Ndikunena kuti aliyense amene anamutenga akanayenera kumuika pampando, kumuzimitsira magetsi, kumuonetsa mapeto a filimu ya 1982, MacReady ndi Childs atakhala pa chipale msasa ukupsa kumbuyo kwawo, akupatsirana botolo, aliyense akukayikira mnzake, besi ikugunda chapansipansi, kenako kumuuza kuti ntchito yako ndi kutifikitsa apa. Osaposa apa. Ngati sangathe kudziletsa, atsanzike, abwere wina.

Wopeka nyimbo wa filimu yoopsa muzimuyesa ndi malo omwe wasiya opanda kanthu. Aliyense amene ali ndi gulu la zida akhoza kukudzidzimutsa, ngakhale mwana womenya chitini kuseri kwa nyumba amatha. Koma kukupangitsa kuti uope chipinda chomwe mulibe chilichonse, kuti uyang'ane kawiri mnzako amene wakhala naye pa sofa, imeneyo ndi ntchito ya anthu ochepa, ndipo ndi okhawo oyenera kuitanidwa pa filimu ngati iyi. Osankha asamayang'ane kuti dzina ili lagwira mafilimu angati oopsa. Amvetsere ndi makutu awo, mu mdima, ngati mmene ife oonera timachitira.

Ndipo dzanja lomwelo lomwe linakonda phokoso ndi lomwe linaononga zilombo. Mu 1982 Rob Bottin, ali mnyamata wa zaka 22, anaumba zilombo ndi manja, za labala ndi mawaya ndi madzi onanda, mpaka anadwala ndi kutopa. Mu 2011 Alec Gillis ndi Tom Woodruff Jr. anaumbanso zawo zenizeni zoti ungazigwire, koma zambiri zinakwiriridwa ndi zojambula za pa kompyuta. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Matenda ake ndi amodzi, kusakhulupirira kuti woonera ali ndi nzeru zake, kufuna kumudyetsa chilichonse chotafunidwa kale.

Ndipo pa nkhani ya makutu yomweyi, inu omasulira mafilimu m'Chichewa, ndili nanu mawu. Ntchito yanu ndimailemekeza, mwathandiza anthu ambiri kumva nkhani zomwe Chingerezi chikanawatsekera. Koma n'chifukwa chiyani mumaopa chete chonchi? Ndinalowa mu vidiyo sho ina pa msika wa kwathu, filimu yoopsa ili mkati, mtsikana akuyenda yekha mu khonde la mdima, nyimbo yatsika mpaka kungotsala kachingwe kamodzi ka vayolini. Pomwepo womasulira anatsitsa mawu a filimu, n'kuyamba kutchula dzina lake ndi malo omwe amapezeka, n'kupereka moni kwa anzake a mu tauni, kenako n'kuulula kuti chilombo chili kuseri kwa chitseko chachiwiri. Ana onse anali pa mabenchi aja anaseka. Munthu anakhala miyezi kupeka mphindi imeneyo, inu mwaipondereza ndi moni!