Mayina a maloya olangidwa asabisidwe

Mwalemba kuti kulengeza mayina a maloya amene alangidwa kumanyozetsa ntchito yonse ya uloya. Pepani, ine sindikugwirizana nanu. Chimene chimanyozetsa ntchitoyi ndi loya wolandira chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ngozi ya galimoto kuchokera ku kampani ya inshuwalansi, n'kudya ndalamazo, mwiniwake akungouzidwa kuti "bwerani mawa" mpaka mwendo kupola wosaona ngakhale tambala. Mayi wamasiye wochokera kumudzi adziwa bwanji kuti amene akumupatsa mapepala a chuma cha malemu mwamuna wake anaimitsidwapo kale ntchito?

Ku England, bungwe loyang'anira ntchito ya maloya la Solicitors Regulation Authority lili ndi tsamba la pa intaneti pomwe aliyense amalemba dzina la loya n'kuona ngati analangidwapo. Zigamulo za bwalo loweruza maloya olakwa pa ntchito yawo la Solicitors Disciplinary Tribunal nazonso zimaikidwa poyera, ndi zifukwa zake zomwe. Kuno kwathu a Malawi Law Society amatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi ziphaso, ndipo amachita bwino. Koma tikufunanso kaundula wokhazikika wa olangidwa: analakwa chiyani, chilango chake n'chotani, ndalama anabweza kapena ayi. Dandaulo lomwe silinaweruzidwe lisalowemo, chifukwa ena amangonamiziridwa. Ndipo kaundulayo aziwerengedwanso pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, poti ambiri obedwawo alibe intaneti.