Mathithi a Victoria si malo ongojambulapo n'kuthawa

Nkhaniyi yandikhala pakhosi chibwerereni ku ulendo, ndiye lero ndiitulutse basi. Inu amene mumakonza maulendo ataliatali a panjinga, mukaika mathithi a Victoria pa ndondomeko, muziwapatsa tsiku lathunthu. Maola awiri ndi chipongwe.

Tinanyamuka ku Lusaka tili chigulu, kupalasa makilomita pafupifupi 480 mpaka ku Livingstone, tauni ya pafupi ndi mathithiwo. Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo, Zimba. Masiku anayi pa chishalo, moti tsiku lachitatu ndinkakhalira tako limodzi ngati munthu wa chithupsa. Za msewuwo sindichulutsa: minda ya nzimbe ku Mazabuka, malole okupsepsa pamapewa, tayala langa lakumbuyo kuphwa kawiri tsiku limodzi.

Tikuyandikira Livingstone mnzathu wina anakuwa kuti kutsogoloko tchire likupsa. Tonse maso kumeneko, chiutsi choyera chili tolotolo kukwera kumwamba. Koma mu Epulo, udzu uli wauwisi, lupsa achokera kuti? Inali nthunzi ya mathithi. Apo m'pamene ndinamvetsa dzina lija lakuti Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda ngati bingu. David Livingstone anafika pamenepa mu Novembala 1855 n'kuwatcha dzina la mfumukazi ya kwawo, koma kunena zoona eni dera ndi amene anatchula bwino.

Tafika pageti, mtsogoleri wathu anayang'ana wotchi n'kuti, "Maola awiri, abale. Mawa m'mamawa tikulowera ku Kazungula." Anyamata aja othamanga, amene ulendo wonse maso amakhala pa kawotchi kowerenga liwiro, anagwedeza mitu kuvomera. Kwa iwo mathithi anali malo omwerapo madzi basi.

Tamverani chifukwa chimene ndikukanira. Mtsinje wa Zambezi pamenepa ndi wotambalala mamita 1,708, ndipo madzi onsewo amagwera m'phompho lakuya mamita 108 pamene pali pozama kwambiri. Mu Epulo mtsinje umakhala utadzaza, ndiye nthunzi imachuluka moti mathithiwo suwaona. Umangomva mkokomo m'chifuwa, kutsogolo kuli mbuu. Uyenera kuima, kudikira mphepo ikankhe nthunziyo. Ikatero chikhoma cha madzi chimaonekera pang'ono, mwina ndi utawaleza pansi pako, osati kumwamba ayi, pansi, kenaka chatsekekanso. Usunthe pang'ono, udikirenso. Malowa amadzionetsa pang'onopang'ono, mwa kufuna kwawo. Wa changu amabwerako ndi chithunzi cha chifunga.

Pa kamlatho kopapatiza kaja amakatcha Knife Edge, ndinazindikira kuti nsapato za panjinga, zija zokhala ndi kachitsulo kuphazi, ndi msampha. Ndinkayenda ngati nkhuku yoponda moto, dzanja lili gwa pachitsulo cham'mbali. Madzi amachokera kumwamba, m'mbali, ngakhale pansi. Foni ndinaikulunga m'jumbo koma inachitabe nthunzi. Ndipo mukudziwa? Thukuta la masiku anayi, fumbi, mafuta a tcheni amene anandida nawo mwendo wakumanja, zonse zinatsukika pamenepo. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Munthu wotsika basi atavala lenikoti sangamve chimene ndinamva ine, ndipo izi ndikunena mosadzikweza. (Chabwino, modzikweza pang'ono.)

Pobwerera nyani anasolola nthochi m'thumba lakumsana la jezi ya mnzanga, iye osamva n'komwe. Zimenezo anyani a kumeneko ndi akatswiri.

Ndikudziwa zimene okonza maulendo angayankhe. Tsiku lililonse loonjezera ndi ndalama zogonera, galimoto yonyamula katundu iyenera kulipiridwa, ena anapempha tchuthi chowerengeka kuntchito. Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Koma ulendo wautali uliwonse umakhala ndi masiku opuma, ochapa zovala ndi kupukuta tcheni. Lathu tinalithera pamalo pena pongogona pansi pa mtengo. Chinavuta n'chiyani kulisunthira kuno?

Taonani zimene maola awiri anatimana. Sitinatsikire ku Boiling Pot, kumene madzi onse aja amakazungulira ngati akuwira. Sitinaime pa mlatho wa 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene mtsamunda wa ku Britain Cecil Rhodes anafuna kuti umangidwe pafupi kuti nthunzi izigwera pa sitima zodutsa, ngakhale mwini wakeyo anafa mu 1902 asanauone. Mbali ya Zimbabwe, kumene munthu amayang'anizana ndi gawo lalikulu la mathithi, sitinapondeko n'komwe. Malo amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1989, ife tinawapatsa nthawi yochepa kuposa imene tinataya pomata matayala.

Ine ndinapitirira ndi ola lathunthu, dala. Nditafika pamene tinamanga matenti ndinapeza nkhope zili ndwii, mtsogoleri n'kundilankhula mawu angapo pamaso pa onse. Ndinapepesa ndi pakamwa pokha. M'mawa mwake tinakwera njinga kuloza ku Kazungula nsapato zisanaume, zikulira tchofu tchofu pa pedulo, ine khosi likungotembenukira kumbuyo mpaka utsi uja unabisika kuseri kwa mitengo.