Kamera ya full-frame kapena kakang'ono kosalowa madzi? Maganizo anga

Abale anga a muno mu Lilongwe amene mukusonkha ndalama zogulira kamera, makamaka inu achinyamata ndi inu a m'mabungwe amene mumalemba bajeti ya zipangizo, ndili nanu mawu. Masiku ano munthu akangomva dzina loti full-frame mirrorless mtima umakhala m'mwamba, ngati kuti chithunzi chabwino sichingatuluke kwina kulikonse. Ine mitundu iwiri yonseyi ndimaigwira, yaikulu yosintha malenzi komanso kakang'ono kolimba kolowa nako m'madzi, ndipo ndikuona kuti ambiri amene akulakalaka yaikuluyo ntchito yawo ikufuna kakang'onoko. Si onse ayi, koma ambiri ndithu.

Kusiyana kwenikweni kuli m'kati, pa sensa, kachigawo kamene kamalandira kuwala kochokera mu lenzi. Sensa ya full-frame ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, yofanana ndi filimu ija ankajambulira akuluakulu athu kale. Ya m'kakamera kolimba ngati Olympus TG-6 kapena OM System TG-7 ndi ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4 ndi theka m'lifupi. Mukawerengera malo ake, yaikuluyo imaposa inzake pafupifupi ka 30. Zili ngati kutchera madzi a mvula, wina waika beseni wina waika kapu. Ikamagwa yamphamvu onse apeza madzi, koma ikamangowaza, wa kapu abwerera chimanjamanja. Masana dzuwa likuswa mtengo, makamera awiriwa amatulutsa zithunzi zoti mukaziika pa Facebook anthu ambiri sangasiyanitse. Kukayamba kuda m'pamene amasiyana kutalitali.

Ndiye ngati mumadyera kujambula maukwati, musavutike kuwerenga mofatsa, yanu ndi yaikuluyo. M'tchalitchi mwa mawindo aang'ono, mu holo nthawi ya perekaniperekani magetsi atazima jenereta isanalire, pa chinkhoswe chimene chachedwa mpaka dzuwa kulowa, full-frame mumaikweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, kufika pa 6400 nkhope ya mkwatibwi n'kutulukabe yosalala. Kakang'ono kaja mukakakweza choncho, chithunzi chimadzaza timadontho, tsitsi ndi nsalu zonse n'kuphatikana. Komanso makasitomala amafuna chithunzi choti munthu aoneke bwinobwino, za kumbuyo kwake zisungunuke, ndipo zimenezi zimachokera pa sensa yaikulu ndi lenzi yotseguka kwambiri ngati f/1.8. Ina ngati Sony A7 III ili ndi malo a memori khadi awiri, yoti ina ikafa zithunzi zimatsala pa inzake, ndipo ukwati wa anthu sungawauze kuti aubwereze. Mpira pa Bingu National Stadium kapena nkhwazi ili pamwamba pa mtengo ku Senga Bay, nazonso zimafuna lenzi yaitali imene kakang'ono kalibe, poti zumu yake imathera pa mamilimita 100 pa muyeso wa full-frame.

Apo sinditsutsa. Chimene chimandipweteka mtima n'kuona mnyamata watenga ngongole ku banki m'khonde, wagula thupi la kamera lokha, ndalama ya lenzi yabwino palibe. Makamera a full-frame mirrorless anayamba kufala pamene Sony inatulutsa A7 mu 2013, kenako Canon ndi Nikon anatsatira mu 2018. A7 III itatuluka mu 2018 thupi lokha linali pafupifupi madola 2,000 ku America, pamene TG-7 itatuluka mu 2023 inali pafupifupi madola 550 zonse zili momwemo. Lenzi ya 24-70 f/2.8 imene ojambula maukwati amaikonda imatha kufanana mtengo ndi kamera imene. Onjezanipo mabatire apadera, fulashi, makhadi, chikwama, ndi laputopu yamphamvu yokonzera zithunzi, chifukwa fayilo imodzi ya RAW, chithunzi chosakonzedwa monga chachokera pa sensa, imadya mamegabaiti ambirimbiri. Zonsezi n'zogula ndi ndalama yakunja, ndipo mukudziwa mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Kamera ikawonongeka kwambiri, nthawi zambiri nkhani yake ndi yotumiza ku Johannesburg n'kumadikira.

Tsono tikambe za fumbi, chifukwa amene amayamikira makamera awa pa YouTube sakhala kuno. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, Lilongwe amakhala mbuu. Pitani ku Mtandire, ku Chinsapo kapena m'misewu ya m'kati ku Area 25 galimoto ikadutsa, muone chimene chimatsala pa nsidze zanu. Kamera ya mirrorless ilibe galasi lija limakhala kutsogolo kwa sensa m'makamera a mtundu wakale otchedwa DSLR, ndiye pa mitundu yambiri mukangochotsa lenzi sensa imakhala poyera, mukuiona ndi maso. Mphindi yosinthira lenziyo fumbi lalowa kale. Pa f/2.8, lenzi ili yotseguka kwambiri, simuona kanthu, koma tsiku limene mwajambula thambo kapena khoma loyera pa f/11, bowo la lenzi mutalichepetsa, timadontho takuda timaoneka pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse. Mumayamba kupopera ndi kachipopero, kenako kupukuta ndi timitengo take tapadera manja akunjenjemera, poopa kukanda chinthu chodula kuposa china chilichonse m'nyumba mwanu. Ku bwalo la gule wamkulu, mafumu akakulolani kujambula, fumbi limene zilombo zimadzutsa ndi lokwanira kuti lenzi ya zumu iyambe kumveka mchenga mukamaitembenuza.

Mvula ikabwera vuto limangosintha mtundu. Opanga makamera aakuluwa amalemba kuti amapirira fumbi ndi chinyezi, koma salemba kuti salowa madzi. Kuwaza pang'ono ipirira. Chimvula chija chimakupezani muli pa kabaza pakati pa Biwi ndi Kawale, chosapatsa mpata wothawira pakhonde la munthu, chimenecho n'china. Ndipo mu January ndi February, lenzi yosungidwa m'chikwama chonyowa m'kabati yotseka imamera chuku m'kati mwa magalasi, timizere tonga ulusi toyera, tosapukutika kunja.

Mapeto a zonsezi ndi mantha, ndipo manthawo ndi amene ndikufuna a m'mabungwe amve. Ndinaonapo ofesi ina yogula kamera ya full-frame yokongola kwabasi kuti izijambula ntchito zakumudzi. Kamerayo inkakhala m'kabati ya abwana, makiyi ali ndi munthu mmodzi. Wofuna kuitenga asaine pepala lovomera kuti ikawonongeka adzamudula pa malipiro. Mayi wina wogwira ntchito kumidzi, amene amayenda pa njinga yamoto kupita chakumunsi kwa Dzalanyama m'matope, anandiuza mosabisa kuti, "Achimwene, ine ndili ndi ana. Chinthu chimenecho chikanyowa ndilipira ndi chiyani?" Ankajambula ndi foni yake yosweka galasi, ndipo zithunzi za mu lipoti zinali zimenezo. Ndalama ya kamera imodzi ija ikanagula timakamera tolimba tingapo, aliyense wopita kumudzi n'kukhala ndi kake m'thumba.

Taonani zimene kakamera ngati TG-7 kanapangidwira. Kamalowa m'madzi mpaka mamita 15. Kamapirira kugwa kuchokera pa mamita 2.1, ndiye kuti kupitirira msinkhu wa munthu. Kamapirira kupsinjidwa ndi katundu wa makilogalamu 100, kotero kukhalira chikwama mu minibasi si nkhani. Lenzi yake sisuzumira kunja, imayenda m'kati mwa galasi lotseka, fumbi lilibe polowera. Kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 250, pamene thupi la A7 III lokha ndi magalamu 650 lenzi musanaike. Kakadetsedwa ndi matope mumakatsuka pa mpopi. Mamegapikiseli ake ndi 12, ndipo ena amaseka nambala imeneyi, koma ndi yokwanira kusindikiza chithunzi chodzaza pepala la A4 chooneka bwino. Nanga zithunzi zathu zambiri zimathera kuti? Pa WhatsApp ndi pa Facebook, kumene amazifinya n'kuzichepetsa.

Pali zinthu ziwiri zimene kakamera aka kamachita zoti yaikulu ija singachite popanda kuwonjezera ndalama zambiri. Choyamba ndi kujambula tinthu tating'onoting'ono. Kamatha kuona bwino chinthu chimene chili pa sentimita imodzi yokha kuchokera pa lenzi. Alangizi a zaulimi, ganizirani mbozi za fall armyworm zimene zakhala zikuvutitsa chimanga chathu kuyambira nyengo ya 2016/2017. Mazira ake pa tsamba, utuchi umene zimasiya m'kati mwa mtima wa chimanga, chizindikiro chonga Y yozondoka pamutu pa mbozi, zonsezi mumazijambula m'munda momwemo mame ali tho, n'kukaonetsa alimi kapena kutumiza kwa akatswiri. Pa full-frame mufunika kugula lenzi ya macro yapadera. Kalinso ndi GPS yolemba pamene chithunzi chajambulidwa, chinthu chothandiza kwa amene amayendera mijigo, nazale za mitengo ndi milatho.

Chachiwiri ndi nyanja, ndipo apa ndiye mtima wanga uli. Ife a ku Lilongwe nyanja tili nayo pafupi, kungotsetsereka msewu wa Salima mwafika ku Senga Bay. Komabe zithunzi zimene timabwera nazo n'zofanana chaka ndi chaka: anthu ataima pamchenga, madzi ali kumbuyo. Chuma chenicheni chili pansi pa madziwo. Lake Malawi National Park anaiika pa mndandanda wa malo a UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba, poti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Mbuna zija za buluu, zachikasu, za mizeremizere, zimakhala m'miyala pa madzi osaya, pa zilumba za Maleri kufupi ndi Salima komanso pa Thumbi ndi Otter Point ku Cape Maclear. Simufunika kudziwa kumira. Muvale magalasi osambirira, mugone pamadzi pamwamba pa mwala, musapalase. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakapita kanthawi nsombazo zimaiwala za inu, zimabwerera kudzadya ndere pamwala, ina n'kufika pafupi penipeni ndi lenzi mpaka mamba ake kuoneka limodzilimodzi. M'mawa dzuwa litakwera, mwera usanavundule madzi, kuwala kumakhala kokwanira kwa sensa yaing'ono ija. Kuti mulowe ndi full-frame pamenepo mufunika chikasha chake chapadera chotsekera madzi, chimene mtengo wake umatha kuposa kakamera konseko. Ndimafuna ana athu a ku Area 23 ndi ku Kawale aziona mbuna pa zithunzi zojambulidwa ndi makolo awo, osangoziona m'mabuku ojambulidwa ndi alendo.

Ena anena kuti, nanga foni? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo kunena zoona foni yapamwamba ya masiku ano imaposa kakamera aka pojambula usiku, chifukwa imaphatikiza zithunzi zingapo n'kuzikonza yokha. Ngati mumangojambula ana pakhomo ndi maphwando a tsiku lobadwa, foni ikukwanirani, sungani ndalama zanu. Koma mafoni ambiri olembedwa IP68, chizindikiro choti amapirira madzi, anayesedwa pa madzi a mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30, ali atsopano, asanagwepo. Ndipo m'foni muli Airtel Money kapena Mpamba wanu, manambala a makasitomala, zithunzi za banja lonse. Chinthu chotere sindingachigwire ndi dzanja limodzi ndili m'bwato, kapena ndikuwoloka mtsinje wodzaza.

Kwa wachinyamata wofuna kuyamba bizinesi yojambula koma ndalama ya full-frame palibe, kakang'ono aka sikokuthandizani, musakagule. Pezani DSLR yakale ya Canon kapena Nikon ya sensa yapakatikati, muikepo lenzi ya 50mm f/1.8, muphunzire kuwala, full-frame idzagulidwa ndi phindu la ntchito osati ngongole.

Kwa inu amene mwaona kuti kakang'onoko n'kanu, kumbukirani kuti mphamvu yake yonse ili pa timphira tozungulira zitseko za batire ndi za chaja. Kamchenga kamodzi kapena tsitsi limodzi likapingasa pa mphirapo, madzi alowa. Musatsegule chitseko muli pamchenga kapena manja ali onyowa, ndipo musanalowe m'madzi muonetsetse kuti loko yatsekeka. Mukatuluka katsukeni m'madzi oyera, kaume kaye musanachotse khadi. Kamamira, choncho mugule lamba woyandama wa padzanja. Ngati mukugula kogwiritsidwapo kale, kaya kochokera ku Joni kaya kwa mnzanu, tsegulani zitseko zonse muyang'ane mphirazo pa kuwala, muone ngati sizinaume kapena kung'aluka. Kenako mupemphe wogulitsayo kuti mukaviike m'ndowa ya madzi iye ali pomwepo, ndalama musanapereke.