Musanatumize mnyamata wanu kuno ku New York

Abale kumudziko, mukamandiimbira kuti "mutengeniko mwanayu akaone dziko," musamati ndikukana chifukwa cha umbombo. Kulera mnyamata wakuda kuno n'kugona khutu lili kunja.

Ife Amalawi timafika ndi kamtima koti ndife osiyana ndi akuda obadwira kuno, ati ife ndi aulemu. Wapolisi safunsa pasipoti. Amadou Diallo anali wa ku Guinea, wogulitsa malonda mumsewu. Mu 1999 apolisi anamuwombera maulendo 41 pakhomo pake ku Bronx, dera la mumzinda uno, atangotulutsa kachikwama m'thumba. Mu 2011 mokha apolisi a mzinda uno anaimitsa anthu mumsewu maulendo oposa 685,000, nthawi zambiri n'kuwasecha, ambiri akuda ndi Achilatino, ana a anzathu a ku Dominican Republic ndi Puerto Rico amene timakhala nawo m'mafulati. Pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse analibe mlandu. Mu 2013 khothi linagamula kuti mmene apolisi ankachitira zimenezi zinali zosemphana ndi malamulo a dziko, koma mantha sanatuluke m'nyumba zathu.

Nkhani ya Kalief Browder imandiwawa mpaka lero. Mwana wa zaka 16, kumuganizira kuti waba chikwama. Belo ya madola 3,000 banja linalephera kupereka. Anakhala zaka zitatu m'ndende ya Rikers Island osazengedwa mlandu, nthawi yambiri atatsekeredwa yekhayekha. Mlandu unathetsedwa, anatuluka, mu 2015 n'kudzipha. Umphawi basi!

Thandizo lilipo, sindikukana. Obama, ali pulezidenti, anayambitsa My Brother's Keeper mu 2014, ndondomeko yothandiza anyamata akuda, Achilatino ndi ena otero. Mzinda uli ndi ntchito za achinyamata za pa tchuthi cha chilimwe, koma ambiri amasankhidwa pochita mayere, ndiye wina apeza, wina atsala pakona.

Nanga sukulu ikaweruka masana, mnyamatayu ali ndi ndani? Mayi ali kosamalira okalamba, bambo akuyendetsa galimoto ya hayala ya Uber mpaka pakati pausiku kuti lendi ikwane. Kwathu akalakwa, atsibweni amamukhazika pansi, ngakhale mneba amamudzudzula. Kuno mneba amaimbira apolisi.

Ndipo ife tomwe, Amalawi a kuno, timandikwiyitsa. Maliro akagwa, magulu athu a pa WhatsApp amasonkha msangamsanga kuti thupi lipite kumudzi. Za anyamata amoyowa, zii. Azibambo inu, ndani mwa inu angamutenge mwana wa mnzake Loweruka, kumuthandiza masamu, kapena kumufunsira ganyu kuntchito kwake? Pa msonkhano wathu wa Amalawi ukubwerawu ndidzafunsa zimenezi, ndipo ndidzafuna mayina.