Musamulande foni mnyamatayu

Dzulo pamaliro kwathu kuno ku Santhe, mayi ena anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "Achimwene, mwana uja mukumuwononga. Munthu wozungulira mutu n'kumamupatsa foni?" Poti panali pamaliro ndinangoti zikomo amayi, ndamva. Koma mawuwo andisowetsa tulo, ndiye ndati ndiyankhire pano.

Mwana amanenayo ndi wa mlongo wanga. Ali ndi zaka 22, ndipo ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene munthu amalankhulira ndi kukhalira ndi anzake. Mutu wake ndi wabwinobwino, komanso kwa amene mumanong'onezana kuti ndinamukhwimira kuti okala yanga iziyenda, dziwani kuti zimandipeza ndithu. Bambo ake anapita ku Joni iye akukwawa, ndiye ine malume ake, mwini mbumba, ndi amene ndakhala naye. Dzina la vutoli tinalimva ali ndi zaka 14, kuchipatala china ku Lilongwe, titatha kale nkhuku ndi mbuzi kwa asing'anga. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ananenapo kuti mwa ana 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi amakhala wotere. Werengani ana a pasukulu ya pulayimale imodzi yokha kuno ku Kasungu, muone kuti ndi angati amene tikungowatchula kuti ndi amwano kapena olodzedwa.

Mnyamata wathuyu amadziwa mtengo wa chinthu chilichonse muokala, ngakhale umene tinkagulitsira chaka chatha. Sopo amamusanja mwa mitundu, mzere wake ngati wayeza ndi chingwe. Chenje salakwitsa. Koma munthu yemweyo mukamuuza m'mawa kuti asambe, adye, atenge makiyi akatsegule, mumupeza 9 koloko ataima pakhonde, chopukutira chili paphewa, ndowa ili mbuu kutsogolo kwake, madzi atazizira kale. Sikuti wakana. Kusamba amakudziwa. Chomuvuta ndi kuyamba, kenako kudziwa kuti ichi chatha tsopano ndipite pa chinacho, komanso kumva m'thupi kuti nthawi ikupita.

Akatswiri zimenezi amazitcha executive function. Ine ndimazimva chonchi: amene tinagwirako ntchito m'maesiteti a fodya timamudziwa kapitawo. Kapitawo sathyola fodya, sasoka, koma ndi amene amati lero tiyambira munda uwu, ikakwana nthawi yakuti tipite kuchigafa, mvula ikabwera tisiya izi tichite izo. M'mutu mwa munthu aliyense muli kapitawo wotere, ndipo ntchito yake yambiri imachitikira mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi, yomwe imachedwa kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Kwa anthu ambiri a autism, antchito onse alipo ndipo ena ndi akatswiri kuposa ife, koma kapitawoyo mawu ake samveka bwino. Zaka zonsezi kapitawo wa mnyamatayu anali mayi ake ndi ine. Ndipo kunena zoona tinali akapitawo oipa: okalipa, otopa, lero kulankhula mofatsa mawa mokuwa.

Apa ndi pamene foni inatiposa. Foni sikwiya. Ikalira 6 koloko lero, mawa ilira chimodzimodzi, mawu omwewo, osawonjezera kuti "kodi iwe udzakula liti". Kwa munthu amene amasokonezeka ndi nkhope zathu ndi kusinthasintha kwa mawu athu, chimenecho ndi mpumulo waukulu.

Foni yake ndi Itel ya Android yogula kwa munthu, galasi losweka pakona. Zimene timagwiritsa ntchito ndi zitatu basi, ndipo zonse sizifuna bandulo tsiku ndi tsiku. Choyamba ndi alamu ya wotchi imene imabwera kale mufoni. Alamu iliyonse imatheka kuilembera dzina komanso kuiikira kamawu kojambula nokha. Poyamba tinajambula mawu a mayi ake akuti "kasambe". Anaizimitsa tsiku lomwelo, n'kuponya foni pansi pa matiresi. Patapita masiku anadzijambula yekha. Ndiye panopa m'mawa uliwonse mumamva mawu ake omwe akutuluka m'thumba la kabudula: "Nthawi yosamba. Tenga sopo." Amamvera mawu amenewo kuposa a wina aliyense pamudzi pano, ndipo ndikaganiza bwino, ndani wa ife amakonda kulamulidwa ali ndi ndevu?

Chachiwiri ndi Google Keep, pulogalamu ya pafoni yolembamo zinthu, momwe muli mndandanda wochonga. Wotseka okala uli ndi mizere 6: werenga ndalama, lemba m'kope, lowetsa mabenchi, tseka zenera, khoma loko, gwedeza loko. Pamwamba pake tinaikapo chithunzi cha loko wathu weniweni, wa dzimbiri uja, osati chojambula cha pa intaneti. Akachonga mzere umadulidwa n'kutsikira pansi, ndipo ndimamuona mapewa akumasuka. Chachitatu ndi taima. Akamadya kapena akamasanja katundu amatha kuiwalika pomwepo maola awiri, ndiye amaika mphindi 25, ikalira amadzuka. Njira ya mphindi 25 imeneyi anaitchukitsa ndi Francesco Cirillo wa ku Italy, ndipo ophunzira ambiri amaigwiritsa ntchito powerenga. Palibe amawanena kuti ndi ozungulira mutu.

Nzeru yoonetsa tsiku la munthu m'zithunzi sinayambe ndi mafoni. Ku North Carolina ku America, pulogalamu yotchedwa TEACCH yakhala ikuphunzitsa ana a autism ndi ndandanda za zithunzi kuyambira m'ma 1970, pa makadi omata pakhoma. Foni yangochititsa kuti khomalo lilowe m'thumba, munthu azipita nalo kumsika osaoneka wachilendo. Mnyamata wa zaka 22 atanyamula makadi a zithunzi pa depoti ya Kasungu anthu angamuunjirire. Atayang'ana pafoni, ndi mnyamata ngati wina aliyense.

Alipo maapu opangidwira ndendende anthu otere, monga Tiimo ya ku Denmark, imene imaonetsa tsiku lonse m'mitundu ndi tizithunzi. Kwa amene angakwanitse, ayese. Ife tinayesako ina, sinditchula dzina, yokongola zedi. Patatha sabata inayamba kufuna ndalama za mwezi ndi mwezi, zolipira ndi khadi ya kubanki m'madola. Ine wa Mpamba ndi Airtel Money ndikanayambira pati? Komanso zonse zinali m'Chingerezi, tizithunzi take ndi ta shawa ndi buledi wowotcha pamakina, pomwe mwana wathu amasamba m'bafa ya udzu ndipo m'mawa amadya mbatata kapena phala. Munthu wa autism nthawi zambiri amamva chinthu monga mmene chilili. Mukamuonetsa shawa, afunafuna shawa. Achinyamata athu amene mukuphunzira za makompyuta, ntchito ndi imeneyi: kaapu kopepuka, ka m'Chichewa, kolola munthu kujambula ndowa yake ndi mawu ake, koyenda popanda intaneti.

Ndisakunamizeni kuti zonse zayenda myaa. Ine ndi changu changa ndinaika maalamu 17 tsiku limodzi, mpaka ya kumwa madzi. Foni inkangolira ngati nkhanga, iye anatseka makutu, ndipo kwa sabata sanafune kuiona. Tinabwerera pa 5, ndipo amene anasankha zoti zitsale ndi iyeyo. Nthawi ina magetsi anazima masiku awiri, foni inathima, tsiku lake lonse linagwa ngati chigafa chodyedwa ndi chiswe. Sanadye mpaka madzulo. Kuchokera pamenepo ndinagula kasola kakang'ono, ndiponso tinakopera mindandanda yonse pa katoni ya sopo n'kukhoma kuseri kwa chitseko. Ndipo mayi a pamaliro aja pena akunena zoona: foni yomweyo muli TikTok, muli anyamata a juga ya mpira, muli akuba otumiza mauthenga akuti mwapambana mphoto. Mnyamata wathu amakhulupirira zimene wauzidwa, ndiye nambala yachinsinsi ya ndalama ili ndi ine, ndipo Lamlungu lililonse madzulo timakhala pansi awiri kuona foniyo limodzi, iye akudziwa, osati mwakabisira.

Chimene sindingavomere ndi choti yankho lake ndi kumulanda. Wosaona sitimulanda ndodo poopa kuti amenya nayo anzake. Ine sindidzakhalapo mpaka kale, mayi akenso shuga wawafooketsa. Tsiku lililonse limene watseka okala yekha popanda ine kuima kumbuyo kwake ndi tsiku limene ndimagona bwinoko.

Mwezi watha ndinapita ku Chinkhoma kukaona za mabelo a mnzanga, minibasi inatifera panjira, ndinafika kunyumba usiku. Ndinadutsira kuokala mtima uli m'mwamba. Mabenchi anali mkati, zenera lotseka, loko wokhoma. Kunyumba ndinamupeza akudya. Sanadzutse mutu, anangonena kuti, "Malume, shuga watsala mapaketi 3. Ndalemba."