Masabata a kuchipatala cha kumudzi si nthawi yotayika

Ndakhala ndikumva ophunzira ena a zaudokotala akudandaula kuti masabata amene amatumizidwa kuzipatala za kumudzi ndi nthawi yotayika, poti kumeneko kulibe makina ojambulira m'thupi, kulibe akatswiri, ndipo nthawi zina ngakhale magetsi amene sakhalako. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikulankhula monga munthu amene ndinadutsamo.

Chiyambire 1991, pamene sukulu ya zaudokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, kufikira lero pamene ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, madokotala athu ambiri amaphunzitsidwa m'mawodi a zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth (ku Gulupu) ndi Kamuzu Central. Komatu kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu 84 pa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumudzi. Wodwala amene wophunzira amamupeza pabedi ku Gulupu amakhala atadutsa kale m'manja ambiri, ndipo amene sanaone kumene ulendowo umayambira amafulumira kukalipa kuti, "Munachedweranji kubwera?"

Ine ndinaleka kufunsa funso limeneli pachipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, mwezi wa February. Mayi wina anabwera ndi mwana wotentha thupi, ndipo titamuyeza magazi a pachala tinamupeza ndi malungo. Ndinalemba mankhwala a malungo a LA m'kabuku ka kuchipatala, n'kuwauza mayiwo molimba mtima kuti azimumwetsa kawiri pa tsiku, koma ayambe wadya kaye. Mayiwo anangoti, "Chabwino adokotala," maso ali pansi. Atatuluka, namwino wachikulire amene anali pambali panga anandifunsa modekha ngati ndikudziwa kuti nyengo imeneyo mabanja ambiri kuderalo amasonkha moto kamodzi patsiku, madzulo. Ndikanapanda kudzudzulidwa, mwanayo akanadumphitsidwa mankhwala a m'mawa podikira chakudya chomwe kunalibe. Tinawathamangira mayiwo n'kuwapeza akukambirana mtengo ndi wakabaza.

Zoterezi sizilembedwa pamayeso. Kumudzi n'kumene wophunzira amazindikira kuti mawu akuti "kuphwanya m'thupi" kapena "mutu waukulu" ali ndi matanthauzo angapo, kuti mnyamata wokodza magazi saona chachilendo chifukwa anzake onse osambira naye ali ndi likodzo, komanso kuti kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu cha m'boma ilibe ntchito ngati ambulansi ilibe mafuta. Pamene labotale palibe, manja, makutu ndi mafunso abwino ndiye zida zotsala.

Chimene ndimavomereza m'madandaulo aja n'chakuti wophunzira sayenera kusiyidwa yekha kuti atseke mpata wa ogwira ntchito amene akusowa. Kumeneko si kuphunzitsa, ndipo wovutika ndi wodwala. Payenera kukhala womuyang'anira tsiku lililonse, ndipo sikuti achite kukhala dokotala ayi. Ma clinical officer, anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene akhala pamalopo zaka zambiri amadziwa zinthu zomwe wophunzira wonyada ndi jasi loyera sangazitole m'buku.

Ndikanakonda masabatawa atawonjezeredwa, ndipo wophunzira aliyense azikhala ndi masiku oyenda ndi mlangizi wa zaumoyo kukachititsa sikelo ya ana m'midzi, pa njinga, nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza.