Chenjezo kwa amene mukuseweretsa mankhwala a zilonda zoyera za m'kamwa

Ana anga, ndaona ndi maso angawa mayi wina akupala lilime la khanda lake ndi kansalu mpaka kutuluka magazi, kenako n'kutsegula kapisozi wa amoxicillin wogula paokala n'kuwaza ufawo pamabalapo. Khalidwe limeneli ndi lomvetsa chisoni, ndipo liyenera kutha.

Zoyera zooneka ngati chambiko zimene zimamatirira palilime ndi m'masaya si mkaka wotsalira ayi. Ndi yisiti yotchedwa Candida albicans, yomwe imakhala m'kamwa mwa anthu ambiri athanzi popanda vuto, chifukwa mabakiteriya abwino pamodzi ndi chitetezo cha m'thupi amailetsa kuchulukana. Amoxicillin sakhudza yisiti ngakhale pang'ono. Iye amapha mabakiteriya, kuphatikizapo aja amene ankailondera, ndiye mwathamangitsa alonda n'kusiyira wakuba nkhokwe yotsegula.

Mankhwala ake enieni amalimbana ndi khungu lopyapyala limene limakuta yisitiyo, lomwe lili ndi mafuta otchedwa ergosterol amene thupi la munthu lilibe. Nystatin, wamadzi uja amene amapereka kuchipatala, amamatirira pamafutawo n'kuboola timabowo, ndipo zam'kati mwa yisiti zimatayika ngati madzi a m'ndowa yodontha mpaka iyo kufa. Komatu amagwira ntchito pokhapokha pamene wakhudza, pakuti salowa m'magazi. Nanga inu akuluakulu amene mumameza msangamsanga n'kutsitsira tiyi, mukuchiza chiyani? Mankhwalawa amafunika kuwavumata kanthawi musanameze, ndipo khanda alidonthezere m'masaya likatha kuyamwa, kanayi patsiku. Mayi woyamwitsa naye aonetse mawere ake kwa achipatala, chifukwa kupanda kutero iye ndi mwana azingobwezerana matendawo.

Fluconazole, mapilitsi ochiza matenda omwewa, njira yake ndi ina. Iye amalowa m'magazi n'kuletsa yisiti kupanga ergosterol uja, choncho imafooka n'kuleka kuswana, koma siifa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake mankhwalawa amamwedwa masiku 7 mpaka 14. Ena mwa inu mukangoona lilime layera bwino patsiku lachitatu mumasiya, mapilitsi otsalawo n'kusungira mlamu wanu. Yisiti yopulumukayo imaphukanso, ndipo mukamabwereza chibwana chimenechi imafika posamvanso mankhwala. Mtundu wina wotchedwa Candida krusei sumva fluconazole n'komwe mwachibadwa. Dziwaninso kuti mapilitsi amenewa si oyenera kumwa mayi woyembekezera popanda dokotala kuvomereza, ndiye kugawirana kwanuko kungathe kuvulaza mwana ali m'mimba.

Kwa inu abambo ndi amayi amene zilondazi zikumakubwererani, makamaka ngati mwayamba kumva ululu pomeza nsima, lekani kudzinamiza ndi madzi amchere. Pitani kuchipatala mukayezetse magazi kuti aone za HIV ndi shuga, pakuti yisiti imeneyi ikatsikira kummero mwa munthu wamkulu, kawirikawiri chitetezo cha m'thupi chimakhala kuti chatsika kale.